Ubale ndi Nkhondo ya Yisiti ndi Mabakiteriya

Nkhani ya lero ndi ya tizamoyo ta mitundu iwiri tomwe maso sationa koma lilime limatizindikira msanga, yisiti ndi mabakiteriya, komanso zomwe timachitirana tikapezeka m'chiwiya chimodzi.

Poyambira pabwino ndi pa thobwa. Mayi akaphika phala la mgaiwa amaliphula n'kulisiya kuti lipole mpaka lifike poti chala chingapirire. Apo m'pamene amathira chimera cha mawere kapena cha mapira n'kutakasa. Pakapita kanthawi phala lolimba lija limasungunuka n'kuyamba kutsekemera, chonsecho shuga sanathiremo. Chachitika n'chakuti mbewu ikamamera imapanga mankhwala ake achilengedwe otchedwa amylase, omwe amaduladula sitachi wa m'chimanga n'kumusandutsa shuga. Mayi akapupuluma n'kuthira chimera phala likadali lamoto, amylase uja amawonongeka ndipo thobwalo silitsekemera.

Shuga akangopezeka, akudya ake amafika. Ena amabwera ndi chimera chomwecho, ena amakhala atabisala kale m'timing'alu ta mbiya, ena amachokera pachikho ndi m'manja. N'chifukwa chake thobwa limasintha tsiku ndi tsiku. Loyamba limakhala lotsekemera. Likagona limayamba kuwawasa pang'ono, komwe ndi kukoma komwe ambiri amakufuna. Likagonanso masiku ena limachita thovu, fungo limasintha, ndipo akuluakulu a mpingo amayamba kulinunkhiza kaye asanamwe. Likapitirira pamenepo, makamaka ngati lasiyidwa losavundikira, limasasa moti ngakhale chidakwa chimakwinya nkhope. Kusintha kulikonse kukusonyeza kuti m'mbiyamo ulamuliro wachoka kwa wina n'kupita kwa wina.

Mu 2003 akatswiri a ku yunivesite ya Sokoine ku Tanzania, mothandizana ndi anzawo a ku Norway, anafalitsa zomwe anapeza atafufuza togwa, chakumwa cha kumeneko chomwe n'chofanana kwambiri ndi thobwa. Anapezamo mabakiteriya owawasitsa monga Lactobacillus plantarum ndi Pediococcus pentosaceus, akukhalira limodzi ndi mitundu ingapo ya yisiti, kuphatikizapo Saccharomyces cerevisiae, yemwe ndi yisiti wa m'mapaketi wophikira buledi ndi mandasi. Kuwawasa amakuyeza ndi mulingo wa pH, pomwe madzi akumwa amakhala pa 7 ndipo madzi a mandimu amayandikira 2. Pa mulingowu togwayo anatsika kuchoka pamwamba pa 5 kufika pafupi ndi 3 m'maola 24 okha.

Awiriwa si apachibale ayi. Yisiti ali m'banja la bowa ndi nkhungu ya pa nsima yogona, kungoti iye ndi kaselo kamodzi kokha. Amaswana potulutsa kamphukira pambali pake, kamene kamakula n'kuthothoka, ndipo zinthu zikamamuyendera bwino amatenga mphindi pafupifupi 90 kuti mmodzi akhale awiri. Mabakiteriya ndi ang'onoang'ono kuposa pamenepo, ndipo amangogawika pakati. Ena mwa iwo amatero m'mphindi 20 zokha. Pa liwiro lokha yisiti sakanapikisana nawo, koma aliyense ali ndi chida chake.

Chida cha mabakiteriya owawasitsa ndi asidi wa lactic, yemweyo amene ali mu chambiko ndi m'matsukwa a mphale yoviika. Asidiyu akachuluka, tizilombo tambiri toyambitsa matenda otsekula m'mimba timalephera kuswana, pomwe yisiti amapirira ndithu. Chida cha yisiti ndi mowa. Chodabwitsa ndi Saccharomyces cerevisiae n'chakuti shuga akachuluka amapanga mowa ngakhale mpweya wa okosijeni ulipo wokwanira. Kumeneku n'kuwononga chakudya, chifukwa popanga mowa amangopeza kachigawo kochepa ka mphamvu zomwe zili mu shugayo. Akatswiri ambiri amati phindu lake lili kwina. Amakokera shuga yense kwa iye mwamsanga, amadzaza malowo ndi mowa womwe iye amaupirira mpaka maperesenti 14 kapena 15 pomwe anzake ambiri amafooka kale, kenako shuga akatha ndipo mpweya ulipo, amatembenuka n'kuyamba kudya mowa womwewo.

Mmodzi mwa anthu oyamba kuona mkanganowu ndi maso awo ndi Louis Pasteur. Mu 1856 ankaphunzitsa mumzinda wa Lille kumpoto kwa France, ndipo mkulu wina wamalonda, dzina lake Bigo, anamudandaulira. Bigo ankatcheza mowa kuchokera ku mbewu ya beet, yomwe ku Ulaya amapangira shuga, koma migolo yake ina inkangosasa osatulutsa mowa. Pasteur anatapako madzi a m'migolo yabwino ndi yowonongeka n'kuwayang'ana pa maikulosikopu. M'migolo yabwino anaona timibulu tozungulira ta yisiti. M'migolo yosasa munali tinthu tina tating'ono kwambiri, totalikirako, ndipo m'menemo munali asidi wa lactic. Mu 1857 analemba kuti kusasa kumeneku ndi ntchito ya chamoyo china, chosiyana ndi chomwe chimapanga mowa. Pa nthawiyo akatswiri otchuka a kemisitiri ankakana kuti kuwira kwa mowa kumadalira zamoyo.

Kuyambira pamenepo ofulula mowa ku Ulaya anayamba kuona mabakiteriya ngati matenda a mowa. Mu 1883 Emil Christian Hansen, yemwe ankagwira ntchito ku labotale ya Carlsberg mumzinda wa Copenhagen, anapeza njira yopatulira kaselo kamodzi ka yisiti n'kukachulukitsa pakokha popanda chosakaniza. Kampani yomweyi ndi yomwe inadzatsegula fakitale ku Blantyre mu 1968, yoyamba kunja kwa Denmark. Ofululawo analinso kale ndi mthandizi wina, maluwa a chomera cha hops, omwe amapatsa mowa wa m'botolo kuwawa kwake komanso amafooketsa mabakiteriya ambiri owawasitsa, yisiti osamukhudza.

Komatu si onse anatsata njira yothamangitsa mabakiteriyayi. Ofulula mowa wa lambic pafupi ndi Brussels ku Belgium mpaka lero amasiya madzi a chimera usiku wonse m'chiwiya chachikulu chosavundikira kuti chilichonse chogweramo chigwere, kenako amadikira chaka chimodzi mpaka zitatu. Kuno kum'mwera kwa Africa nako, mowa wamasese wopanda kuwawasa si mowa. M'mafakitale a mowa wa mapira ku South Africa amachita kuitanira dala mabakiteriya. Amasunga phala pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 50, komwe mabakiteriya ena owawasitsa amakukonda koma yisiti sangakupirire. Likawawasa mokwanira amaliwiritsa, n'kulipoza, n'kuthira chimera china, ndipo yisiti amabwera pambuyo kudzagwira ntchito pamalo omwe asidi wayeretsa kale.

Umboni womveka bwino wakuti awiriwa amathanso kudyetsana unachokera ku buledi. Mumzinda wa San Francisco ku America muli mabekare omwe saphika ndi yisiti wa m'paketi. Amasunga kamtanda ka dzulo n'kukasakaniza ndi ufa watsopano ndi madzi, tsiku ndi tsiku, chaka ndi chaka. Bekare ya Boudin inayamba mu 1849, nthawi yomwe anthu ankakhamukira ku California kukasaka golide. Buledi wake ndi wowawasa, wa chikhungwa cholimba, ndipo sachita nkhungu msanga. Chomwe chinkaimitsa anthu mitu n'chakuti mtanda wosiyidwa poyera chonchi, wogwiridwa ndi manja tsiku lililonse, unkatulutsa buledi wa kukoma komweko kwa zaka zambirimbiri osawonongeka.

Leo Kline ndi Frank Sugihara, omwe ankagwira ntchito ku labotale ya unduna wa zaulimi wa America ku Albany m'chigawo cha California, anatenga mitanda m'mabekare angapo a mumzindawo, ndipo mu 1971 anafotokoza zomwe anapeza. Munali bakiteriya yemwe anali asanalembedwepo m'mabuku, amene lero amatchedwa Fructilactobacillus sanfranciscensis, pamodzi ndi yisiti wa mtundu wina yemwe lero amadziwika kuti Kazachstania humilis. Pa yisiti mmodzi aliyense pamakhala mabakiteriya pafupifupi 100. Chinsinsi chili pa shuga. Shuga wochuluka mu mtanda wa tirigu ndi maltose. Bakiteriyayu amadalira maltose, pomwe yisitiyu sangathe kumudya n'komwe, choncho palibe cholimbirana. Kuwonjezera apo, bakiteriya akathyola maltose pakati amagwiritsa ntchito chidutswa chimodzi, china n'kuchitulutsira kunja chili glucose, ndipo yisiti amatola chimenecho. Nayenso yisiti amamasula shuga wa fructose kuchokera mu ufa, ndipo bakiteriya amamugwiritsa ntchito popanga asidi wa acetic, wa mu viniga uja. Asidi ameneyu amapha olowerera ambiri, koma yisiti wa mumtandamo amamupirira. Mpweya wa carbon dioxide wotupitsa buledi amautulutsa onse awiri.

Bakiteriyayu, ngakhale anapatsidwa dzina la mzindawo, wapezekanso m'mitanda ya ku Germany, ku Italy ndi kwina kochuluka. Chomwe chimamusunga ndi kadyetsedwe ka mtanda, osati mphepo ya m'mbali mwa nyanja monga okopa alendo ankanenera. Ndipo ophika amatha kupendeketsa sikelo. Kafukufuku wa Michael Gänzle ndi anzake mu 1998 anasonyeza kuti bakiteriyayu amakula bwino kwambiri pa madigiri 32, pomwe yisiti mnzakeyo amakonda madigiri 27. Mtanda ukafunda kwambiri mabakiteriya amapambana ndipo buledi amawawasa, ukazizirirako yisiti amapeza mpata.

Funso lina linatsala. Mabakiteriya owawasitsa ndi osankha zakudya. Ambiri mwa iwo sangathe kudzipangira ma amino asidi ena, tizidutswa tomangira mapuloteni, ndipo amayenera kuwapeza kunja. Nanga amakhala bwanji ndi moyo m'malo momwe mulibe zimenezi? Mu 2017 gulu lotsogozedwa ndi Kiran Patil ku labotale ya EMBL mumzinda wa Heidelberg ku Germany linafalitsa yankho. Anakonza chakudya cha m'botolo chomwe Lactobacillus plantarum ndi Lactococcus lactis sankatha kukuliramo paokha. Atathiramo Saccharomyces cerevisiae, mabakiteriya aja anayamba kuswana. Zinapezeka kuti yisiti akakhala ndi nayitirojeni woposa yemwe akumufuna, wotsalayo amamutayira kunja ali ma amino asidi. Sachita zimenezi pofuna kuthandiza wina, amangotaya zotsala, ndipo amataya ngakhale pasakhale bakiteriya woti atole.

Kenako anasintha chinthu chimodzi. M'malo mwa glucose anaikamo lactose, shuga wa mumkaka, yemwe yisitiyu sangamudye. Apa Lactococcus lactis, yemwe anachokera mu kefir, mkaka wosasa wa kumapiri a Caucasus, anayamba kuthyola lactose n'kusiyira yisiti zidutswa zake. Wodyetsedwa uja anasanduka wodyetsa, ndipo aliyense anayamba kudalira mnzake. Zili ngati akazi awiri a pamitala: kaya abwerekana mchere kapena atukwanizana pamtondo, kawirikawiri zimatengera zomwe zili munkhokwe. Tizamoyoti n'tomweto, chasintha ndi chakudya.

Palinso kukhalirana kwina komwe wina amakonzera mnzake malo kenako iye n'kufa. Chitsanzo chake chili m'minda ya koko ku Ghana ndi ku Côte d'Ivoire, mayiko awiri omwe amalima pafupifupi theka la koko yense wa padziko. Mlimi akang'amba zipatso amakolopola njere pamodzi ndi zamkati zake zoyera, zoterera, zotsekemera mowawasira. Amaziunjika pa masamba a nthochi oyalidwa pansi, n'kuvundikira ndi masamba ena, mwina n'kutsindira ndi mitengo. Tsiku loyamba mulu uja umakhala wonyowa, wopanda mpweya mkati, wodzaza shuga ndi asidi wa citric. Malo otere ndi a yisiti. Amadya shuga n'kupanga mowa, ndipo amasungunula zoterera zija mpaka madzi ake amayenderera pansi pa masamba. Mabakiteriya owawasitsa amachulukana pambuyo pake n'kudya asidi wa citric uja.

Madzi akatsika, pakati pa njere pamatseguka mipata. Pakapita masiku awiri mlimi amavundukula n'kutembenuza muluwo ndi manja, ndipo mpweya umalowa. Apa pamadzuka gulu lachitatu, mabakiteriya a viniga monga Acetobacter pasteurianus, omwe chakudya chawo ndi mowa womwe yisiti wasiya. Akamausandutsa viniga pamatuluka kutentha, ndipo mulu umafika madigiri 45 mpaka 50. Munthu akapisamo dzanja amalichotsa msanga, ndipo fungo la viniga limalasa m'mphuno. Yisiti amene anayambitsa zonsezi sapirira kutentha kotere. Viniga ndi kutenthako zimalowa m'njere n'kupha kamtima kake, ndipo mkati mwa njere, momwe munali mofiirira mopita ku mtundu wa biringanya, mumasanduka mwa khofi. Pakatha masiku 5 kapena 6 njerezo zimayanikidwa. Koko wosavundikidwa chonchi amakhala wowawa ndi wonyang'amira, ndipo fakitale ingamukazinge bwanji fungo lenileni la chokoleti silituluka.

Mabakiteriya a viniga omwewa ndi amene amawononga mowa wotsala pa chikho kapena vinyo wosatsekedwa bwino, chifukwa chomwe amafuna ndi mowa ndi mpweya basi.

Kumene mkanganowu umadyera ndalama zambiri ndi m'mafakitale a ethanol, mowa wosakaniza ndi petulo. Ku Malawi ethanol wakhala akupangidwa kuchokera ku molasesi wa nzimbe ku Dwangwa kuyambira mu 1982, ndipo fakitale yachiwiri inatsegulidwa ku Chikwawa mu 2004. Mafakitale otere padziko lonse amalimbana ndi mdani yemwe Bigo analimbana naye. Matanki ake ndi aakulu moti kuphera tizilombo tonse m'madzi a nzimbe kungadye phindu lonse, choncho mabakiteriya amalowa ndithu. Shuga aliyense amene bakiteriya wamusandutsa asidi ndi ethanol wotayika. Asidiyo amafooketsanso yisiti, ndipo mabakiteriya ena monga Lactobacillus fermentum amamatirira pa yisiti n'kumuundanitsa timibulu tomwe timamira pansi pa thanki m'malo mogwira ntchito.

Ku Brazil, komwe ethanol wa nzimbe ndi wochuluka kuposa kwina kulikonse, njira yawo ndi yankhanza koma yanzeru. Thanki ikatha kuwira amapatula yisiti ndi makina, n'kumuviika kwa ola limodzi kapena angapo m'madzi osakaniza ndi asidi wa sulfuric, pa pH yoyandikira 2. Mabakiteriya ambiri amafa, yisiti amatuluka ali wofooka koma wamoyo, n'kubwezedwa m'thanki ina. Ku America, komwe ethanol amachokera ku chimanga, mafakitale ambiri akhala akuthira maantibayotiki monga virginiamycin, chinthu chomwe chimadetsa nkhawa chifukwa zotsalira zake zimakadyetsedwa ng'ombe. Komabe ngakhale m'matanki amenewa si bakiteriya aliyense ali mbala. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2021 pa tizamoyo ta m'mafakitale a ku Brazil anapeza kuti Lactobacillus amylovorus amapatsa yisiti mankhwala otchedwa acetaldehyde, omwe yisiti amawasandutsa ethanol, ndipo zokolola zinkakwera ndi maperesenti pafupifupi 3. Pa fakitale yopanga malita mamiliyoni ambiri, amenewo ndi makwacha osati masewera, ndipo antibayotiki wopha chisawawa amapha ndi wothandizayu yemwe.

Chodabwitsa kwambiri pa nkhani yonseyi chinatuluka mu 2014. Opanga vinyo akhala akudandaula kuyambira kale kuti nthawi zina mgolo umangoima pakati, shuga akadalimo, yisiti ali moyo, koma mowa osawonjezeka. Daniel Jarosz ndi Susan Lindquist a ku Whitehead Institute ku America, mogwirizana ndi Linda Bisson, katswiri wa vinyo wa ku yunivesite ya California ku Davis, anasonyeza chimodzi mwa zifukwa zake. Mwachibadwa yisitiyu akapeza glucose amasiya zakudya zina zonse n'kulimbikira kupanga mowa. Mabakiteriya ena amatulutsa mankhwala omwe amasintha kaumbidwe ka mapuloteni ena mwa yisiti, ndipo yisiti amaleka khalidwe lakelo. Amayamba kudya zosiyanasiyana n'kumapanga mowa wochepa. Kusinthaku sikukhudza majini, komabe kumapita kwa ana ndi zidzukulu za yisitiyo ngakhale mabakiteriya atachoka. Mu 2016 zinadziwika kuti asidi wa lactic yemweyo akhoza kuyambitsa zimenezi. Bakiteriya amapulumuka chifukwa mowa wachepa, yisiti amapeza luso lokhala ndi moyo pomwe chakudya n'chosakanizika, ndipo wolira ndi mwini vinyo yekha.

Zonsezi zikuchitikanso m'thupi la munthu, ndipo apa m'pomwe nkhaniyi ikukhudza aliyense, womwa ndi wosamwa yemwe. Anthu ambiri athanzi ali ndi yisiti wotchedwa Candida albicans m'kamwa, m'matumbo, ndipo kwa amayi, kumalo obisika. Nthawi zambiri savuta chifukwa chitetezo cha m'thupi chimamuyang'anira, komanso mabakiteriya okhala naye limodzi amamuphangira malo ndi chakudya. Maantibayotiki amapha mabakiteriya koma yisiti samukhudza, poti iye ndi wa banja la bowa. Munthu akamwa makapisozi kwa masiku angapo, mabakiteriya oyambitsa matenda amafa limodzi ndi oteteza aja, ndipo Candida amatsala pabwalo yekha. Zotsatira zake amayi ambiri amazidziwa: kuyabwa ndi chikazi choyera chonga chambiko, komwe ena amakuika m'gulu la mauka. Kwa makanda ndi kwa omwe chitetezo chawo chatsika, monga odwala Edzi omwe sanayambe mankhwala, zimaoneka ngati zoyera zomatirira palilime ndi m'masaya.

Apa pali chizolowezi choyenera kudzudzulidwa. Mayi wamva kuyabwa, wathamangira pa golosale kapena kwa wogulitsa mankhwala pamsika, wagula makapisozi ena n'kumwa. Ngati vuto ndi Candida, wangowonjezera nkhuni pamoto, chifukwa wapha mabakiteriya ochepa omwe anatsala. Mankhwala a yisiti ndi ena, monga clotrimazole, nystatin ndi fluconazole, ndipo kuyabwa kwina kumayamba ndi matenda osiyana kotheratu. Wosiyanitsa zimenezi ndi wachipatala atamuyeza munthuyo.

Candida ali ndi maonekedwe awiri. Akhoza kukhala kambulu kozungulira, kapena kutalika n'kukhala timaulusi tomwe timaboola khungu la mkati mwa thupi. Mu 2002 Deborah Hogan ndi Roberto Kolter a ku Harvard Medical School anamuika pamodzi ndi Pseudomonas aeruginosa, bakiteriya wovuta m'mabala a moto ndi m'mapapo. Pa maikulosikopu anaona mabakiteriya akuunjikana pa timaulusi tija mpaka kutipha, koma timibulu tozungulira sankatha kutimatirira kapena kutipha. Patapita zaka ziwiri anapezanso kuti Candida amamva mankhwala omwe mabakiteriyawa amatumizirana podziwitsana kuti achuluka, ndipo akawamva amaleka kutulutsa timaulusi n'kukhala wozungulira. Ndi Staphylococcus aureus zimayenda mwina. Bakiteriyayu amakakamira pa timaulusi ta Candida n'kulowa nato mkati mwa mnofu, ndipo pa mbewa za mu labotale matenda a awiriwa akaphatikizana amapha kuposa a mmodzi payekha. M'kamwa mwa ana aang'ono omwe mano awo awola kwambiri, madokotala amapeza kawirikawiri Candida ali pamodzi ndi Streptococcus mutans, ndipo shuga akachuluka awiriwa amamanga litsiro lomata pamano lokhuthala kuposa lomwe aliyense angamange yekha.

Yisiti wina amagwiritsidwa ntchito ngati mankhwala. M'zaka za m'ma 1920 Mfalansa wina, Henri Boulard, ali kudera lomwe linkatchedwa Indochina, anapatula yisiti pa makoko a zipatso za lychee ndi mangosteen, zomwe anthu a kumeneko ankagwiritsa ntchito akatsekula m'mimba. Yisitiyo, Saccharomyces boulardii, ndi m'bale wapafupi kwambiri wa yisiti wa buledi, koma amakula bwino pa madigiri 37, kutentha kwa thupi la munthu. Popeza maantibayotiki samupha, akhoza kumwedwa nthawi imodzi ndi mankhwalawo, ndipo kafukufuku wambiri wasonyeza kuti amachepetsa kutsekula m'mimba kobwera chifukwa cha maantibayotiki. Mu labotale waonekanso akutulutsa mankhwala oduladula poizoni wa Clostridioides difficile, bakiteriya yemwe amabuka m'matumbo anzake akaphedwa. Koma madokotala sapereka yisitiyu kwa odwala kwambiri, kwa omwe chitetezo chawo chatsikiratu, kapena kwa omwe aikidwa kapaipi kolowa mumtsempha waukulu, chifukwa mwa anthu otere wapezekapo atalowa m'magazi n'kuyambitsa matenda akeake.